Ufa wa Aveya ndi Phazi la Amayi Anu

Tereza, iwe ndi alongo ako mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pa fornu, ng'anjo yowotchera mkate, mphamvu ndikadali nazo. Chinandichotsa ndi phazi lamanzere la amayi anu, limene linatsala pang'ono kudulidwa, komanso ufa wina wachilendo umene ndinadziwana nawo imvi zitayamba kale. Nthawi imeneyo inu munali kutali, wina ku Beira, ena ku Nampula, ndipo pa foni tinkangokuuzani kuti zili bwino. Sizinali bwino. Lero ndikulemba momwe zinayendera, koma mundilole ndiyambire pamene ndinayambira kugwira ufa.

1994

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Chifunde, chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Zambia kumene tinathawira nkhondo. Mkulu wina, Sinyoro Gasipari, anali atamanga fornu ya njerwa kuseri kwa msika, yowotchera pau, mkate wa tirigu uja mumaudziwa, ndipo ankafuna munthu wowaza nkhuni. Matenda anga munawadziwa kale: sinditha kuona chinthu chikuchitika osafunsa kuti chikuchitika bwanji. Nkhuni ndinkawaza maso ali pa mtanda wa tirigu umene unkatupa wokha m'beseni, mpaka tsiku lina nkhwangwa inangotsala pang'ono kundidya chala. Sinyoro Gasipari anandigenda ndi chinsanza chonyowa. "Iwe, ngati ukufuna kuonerera, bwera uzikanda!" Umo ndi momwe ndinakwezedwera pantchito. Anali munthu wa mtima wapachala, koma ukamufunsa za mtanda ankasungunuka. Anandiuza kuti fermentu, chotupitsa mtanda, ndi wamoyo, amadya n'kumapuma, ndipo tirigu ali ndi ulimbo wakewake umene umagwira mpweyawo kuti usathawe. Misewu inali yoipa, tirigu ankatha kawirikawiri, ndipo tinkasakaniza ufa wa chinangwa mpaka pau ankatuluka wolemera, ogula n'kumatitukwana.

M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, Nabanda, n'kumanga nyumba kwawo kuseri kwa Mualadzi monga mwa mwambo. Iwo anathawira ku Malawi. Za kumeneko sankakonda kukamba, kupatula chinthu chimodzi: panali nyengo imene chakudya chogawidwa chinachedwa, iwo ndi akulu awo Esinta n'kumakagwira ganyu yolipidwa gaga, zotsalira za chimanga zimene kuno timapatsa nkhumba. Atabwerera analumbira kuti m'kamwa mwawo simudzalowanso ufa wakuda. M'nyumba mwathu ngakhale mgaiwa sunkaloledwa. Chimanga chinkakonoledwa, kuviikidwa, kutsukidwa, kuyanikidwa, n'kusefedwa mpaka ufa kuyera mbee.

2006

Sinyoro Gasipari atamwalira ndinapita ku Cassacatiza, pa malire, kwa Dona Ameliya amene anali ndi padariya, nyumba yowotchera ndi kugulitsira pau, pafupi ndi poima makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu. Mayi ameneyu sankakalipa. Pau ukalakwika ankangouthyola pakati, kuuyang'ana, n'kukupatsa kuti udye wekha pamaso pake. Anandiika kukhala mkulu wa fornu, ndipo iye ndiye anayamba kunditchula kuti mesitiri, ndiye kuti mmisiri. Oyendetsa makamiyau ochokera ku Zambia ndi kunsi ku Tete ankatha pau wathu dzuwa lisanakwere. Loweruka lililonse ndinkapita kumudzi ndi thumba la pau pa njinga, ndipo amayi anu ankandilandira thumbalo asanandifunse za ulendo. Ankadya pau ndi tiyi wothira shuga mpaka sipuni kuima. Ine ndinkanyada nazo. Ndinkadziona ngati mwamuna wodziwa kusunga banja, ndipo anansi ankatisirira.

2017

Chaka chimenechi amayi anu anayamba kuonda, kumwa madzi kosalekeza, ndi kudandaula kuti mapazi akuchita dzanzi. Kenaka anaponda chitsa cha phesi kumunda osamva n'komwe. Kabala kake kanali kakang'ono, pansi pa chala chachikulu, koma kanakana kupola. Kuchipatala tinapeza enfermera, namwino wina wachitsikana, dzina lake Selesiti. Anawabaya kachala, nayang'ana kamakina kake, nandiitanira pambali. "Papa, awa ndi matenda a shuga. Mapiritsi tiwapatsa, bala tizilitsuka. Koma shugayu akapanda kutsika, balali silipola, ndipo likalowa m'fupa adotolo a ku Tete adzadula phazi." Atafunsa chimene amayi amadya m'mawa, ndinayankha monyadira kuti pau wa manja anga. Anapukusa mutu. Anati pau woyera ndi ufa woyera zimasanduka shuga msanga m'magazi, choncho achepetse, azidya mgaiwa, nyemba ndi masamba. Amayi anu atamva mawu oti mgaiwa anayang'ana kukhoma. "Mwanawe, kuli bwino phazilo lipite." Selesiti anaganiza pang'ono, kenaka anandiuza kuti popeza ndimagwira ntchito pa malire, ndifunefune aveya.

Aveya ndinali ndisanamumvepo. Ndinafunsa aMwale, dalaivala wa ku Zambia amene ankagula pau kwa ife. Anaseka chikhakhali. "Mesitiri, ife timati otsi. Ku mafamu amadyetsa akavalo, m'matauni amadya mabwana. Inu muli gulu liti?" Ulendo wotsatira anabwera ndi mapaketi awiri, ina ya njere zophwatalala ngati zapondedwa ndi kamiyau yake yomwe, ina ya ufa wotuwa wokhala ndi timadontho takuda. Ndinaununkhiza, ndinaulawa, ndinautikita pa zala. Unali wofewa, wamafutamafuta. Chinthu choyamba chimene ndinachita n'chimene padero, wowotcha pau, aliyense akanachita: ndinaukanda ndi fermentu, n'kuuphimba, n'kudikira. Sunatupe. Ndinausendeza pafupi ndi moto, ndinaunyengerera, koma nada, palibe chinachitika. Chimene chinatuluka mu fornu chikanatha kumangira khoma. Dona Ameliya anachithyola ndi bondo n'kundipatsa kuti ndidye. Pamenepo ndinakumbukira Sinyoro Gasipari, ndipo ndinazindikira kuti ufa uwu ulibe ulimbo uja wa tirigu.

M'malo moti ndigwe mphwayi, mutu unangoyaka. Ndinapeza kuti ufawu ndi chidakwa cha madzi: ukauthira madzi n'kutembenuka pang'ono, umaupeza wauma, ukufuna ena. Ukausiya ukhale, umayamba kunanda ngati therere. Ndinapeza kuti ukasakaniza gawo limodzi la aveya ndi magawo atatu a tirigu, pau amatupa ndithu, ndipo amakhala wofewa mpaka mawa lake. Mabolasha ake, mabisiketi okandira dzira ndi nsinjiro, ankatuluka okhukhuta, ndipo madalaivala anawakonda chifukwa akadya awiri njala sinkawapeza msanga panjira. Ndinafika pofesa njere zophwatalala zija kuseri kwa padariya, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Zinangoitana nyerere. AMwale anaseka mpaka kukhala pansi, nandiuza kuti njerezo amazifutsa ndi nthunzi asanaziphwanye, ndipo chinthu chophikidwa kale sichimera.

Kunanda kuja kunandivutitsa maganizo, mpaka ndinapita kwa Selesiti ndi kapu ya aveya woviikidwa. Anaviika chala n'kumwetulira. "Papa, chimene mukuchidandaulachi ndiye chuma chake. Kunandaku kukafika m'mimba kumachedwetsa chakudya, shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono, osati mothamanga. Kumathandizanso kutsitsa mafuta oipa a m'magazi. Ndipo aveya ali ndi zomanga thupi ndi zowonjezera magazi kuposa ufa woyera." Ndinafunsa kumene zimenezi zimakhala. Anati zambiri zili m'timadontho takuda tija, chikopa cha njere, ndipo ufa wokhakhala ndi wabwino kuposa wosalala. Anandichenjeza kuti aveya si mankhwala, mapiritsi asasiyidwe, ndipo ngakhale aveya yemweyo adye kambale kamodzi, osati mphika. Ndinatuluka ndikulingalira kuti kodi anthu a kutali aja anadziwa bwanji kusunga chikopa chimene ife timataya. Kuyambira pamenepo Loweruka ndinkapita kumudzi ndi ufa wa aveya ndi njere zake zomwe m'malo mwa pau, n'kuzisiya m'manja mwa alamu anga Esinta, amene ankawaphikira amayi anu.

2018

Miyezi inapita, bala silinasinthe, ndipo linayamba kununkha. Kamakina ka Selesiti kankanenabe zoipa. Ine mtima unali m'mwamba. Tsiku lina nkhuni zinatithera ku padariya pakati pa sabata, ndipo ndinakwera mota, njinga yamoto, kupita kumudzi osayembekezeredwa. Ndinapeza alamu ali pabwalo ndi sefa ndi lichero, akugwira ntchito mwaluso lawo lonse. Ufa wa aveya ankausefa kawiri, zosalala kuika m'mbale, zokhakhala kuwaza pansi. Njere zophwatalala zinali pa mphasa: anali ataziviika, kukhetsa madzi onanda aja, kuzitsuka mpaka madzi kuyera, n'kuziyanika monga achitira ndi mphale. Nkhuku zathu zinali zitanenepa ngati abakha, nthenga zikuchita kung'anima.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikukonza ufa wanuwu, alamu. Mumaubweretsa wosakonola."

"Koma zimene mukutayazo ndiye zofunikazo!"

Anaika sefa pansi n'kundiyang'ana. "Gaga ameneyu? Mng'ono wanga akudwala, ine ndimupatse gaga? Anthu amve kuti mkamwini wa pano akudyetsa mkazi wake za nkhumba, ine ndili pompano? Inu munali ku Zambia, simunaone zimene tinadya ife." Phala lake ankalithiranso shuga pang'ono, poti lopanda kanthu wodwala ankalikana. Sindinathe kuwakwiyira. Anachita chimene mkazi aliyense waulemu wa kuno amachita ndi njere iliyonse: kuiyeretsa asanaipereke kwa munthu amene amamukonda. Ndinafotokoza zonse za Selesiti, iwo n'kumangoti inde alamu, inde alamu, ndipo ndinadziwa kuti ndikangokwera mota sefa ibwereranso.

Sabata yomweyo Dona Ameliya anandiitana. Ankatsegula padariya ina ku Tete, yamagetsi, ndipo ankafuna kuti ndikaiyang'anire ndi kukaphunzitsa anthu mabolasha a aveya. Fornu yamagetsi ndinali nditailota zaka zambiri. Ndinkafunitsitsa kuona momwe imasungira kutentha popanda munthu woisonkhezera. Ndinakhala masiku ndikulimbana nazo, ndipo sindikubisirani, mtima wina unkati alamu alipo, chipatala chilipo, iwe pita. Koma ndinkaona nkhuku zija m'maso. Ndinapita kwa Dona Ameliya n'kumuuza kuti sindipita ku Tete, ndipo pa Cassacatiza pomwe ndikuchoka. "Mesitiri, mukadya chiyani kumudziko?" Ndinati munda ulipo. "Nanga mukakatani?" Ndinati ndikukaphika phala. Kenaka anati aMwale azisiya aveya kwa iye, iye azinditumizira. Fornu ndinaisiya ikadali yotentha, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Kuwotcha pau pantchito ndi ulemu, koma mwamuna kugwada pa mafuwa a mkazi wake, kumudzi kwa eni, ndi nkhani ina. Tsiku loyamba kulowa m'kuzinya, khitchini ya amayi anu, akazi a kuchitsime anadutsa pakhomo pathu kawirikawiri ngati njira ina kulibe. Amuna anzanga ankati Nabanda anandidyetsa khuzumule. Alamu anasiya kundipatsa moni, koma sanasiye kubwera. M'mawa wina ndinawapeza akuthira nsembe ya ufa woyera patsinde pa mtengo, kupempha makolo kuti bala lipole. Matenda anga aja anandigwira, ndinafunsa ngati mizimu ingalandire aveya. Anandiyankha kuti ndisamasewere ndi zinthu zimene sindinazibzale.

Vuto lalikulu silinali anthu, linali amayi anu. Ndinaphika phala losasefa, ndinalipereka ndi manja awiri, iwo analinunkhiza n'kulikankha. "Bambo a Tereza, likununkha za ku Malawi." Ndinathira mchere, analikana. Ndinathira mkaka, analikana. Tsiku lina ndinapsa mtima. "Kodi mukufuna akuduleni?" Anandiyankha mofatsa kuti phazi ndi lawo. Ndinatuluka kupita kumunda, ndipo kumeneko ndinalira, chifukwa ntchito ndinali nditataya ndipo mkazi ndinali kumutayanso.

Chimene chinatithandiza ndi kutentha kwa kuno. Ufa wa aveya uli ndi mafuta, ndipo m'nyengo yotentha unayamba kumveka kafungo kachikale. Poopa kuti uwonongeka, ndinaganiza zouwambako pa phale monga tichitira ndi mtedza. Nditangoyamba kuutakasa, fungo linasintha, m'nyumba monse munamveka ngati mukukazingidwa nsinjiro. Amayi anu anali pa mphasa pakhonde, phazi lili pa mtsamiro. Ndinamva akununkhiza.

"Mukupsereza chiyani m'menemo?"

"Sindikupsereza, ndikukazinga."

"Moto wachuluka. Phale silifuna lawi, limafuna makala. Zaka zonsezi ku fornu munkaphunzira chiyani?"

Ndinachotsa nkhuni imodzi. Anati nditakase kuchokera m'mbali. Ndinatakasa. Anati ndibwere nawo aone ngati wapsa, ndipo anatapa pang'ono n'kuika pa lilime, poti mmisiri sangaweruze chinthu osalawa. Sananene kuti ukukoma. Anangoti wotsatira ndisaufiiritse chotero. Pamenepo ndinadziwa njira: amayi anu sakanadya chifukwa chopemphedwa, koma sakanatha kupirira kuona munthu akulakwitsa m'kuzinya mwawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaphika ndikufunsa mokweza, iwo akulamula ali pa mphasa. Ndi iwo amene anati ufa wokana fermentu uyesedwe ndi soda, monga chigumu. Tinasakaniza aveya wokazinga, dzira, chambiko, nsinjiro ndi kasoda, popanda shuga. Tinausiya umwe madzi ake kaye, kenaka tinauika mumphika, makala pansi, makala pa chivundikiro. Chinatupa pang'ono, chofewa, chofiirira. Anadya kachidutswa kuti aone ngati soda wachuluka, kenaka kena kuti atsimikize.

Mvula itadula msewu, aveya anasowa kwa kanthawi. Ndinagwira njakata. Selesiti anandikumbutsa kuti mgaiwa ndi mapira osakonola zilinso ndi chikopa chake. Ndinakazinga mgaiwa pa phale lomwelo, ndipo sindinawabisire amayi anu chimene chinali. Anati ndithiremo nsinjiro zambiri. Alamu anaona mng'ono wawo akudya ufa wakuda, anatuluka, koma mawa lake anabwera ndi nkhwani wotendera.

Shuga anayamba kutsika chifukwa cha mapiritsi ndi kadyedwe, ndipo bala tinkalitsuka kosadumphitsa. M'mbali mwa bala munayamba kufiira bwino, koma chala chachikulu chinali chitada kale. Selesiti anatitumiza ku Tete. "Papa, chalacho ndiye chapita. Za phazi akaona adotolo. Ine sindingakulonjezeni." Ku Tete ndinakhala pa benchi panja pa chipinda chochitira opareshoni, m'tauni momwe munali fornu yamagetsi ija, ndipo sindinaiganizire n'komwe. Dotolo atatuluka anati fupa la phazi analipeza labwino, achotsa chala chokha, koma akanabwera shuga ali monga kale sakanayerekeza kusiya phazilo. Ndinamugwira dzanja ndi manja onse awiri.

Kupola kunatenga nthawi. Tinabwerera kumudzi amayi anu atanyamulidwa, ndipo kwa miyezi ndithu ndinapitiriza kuphika, iwo akulamula ali pa mphasa. Ndinali nditazolowera, mwinanso kunyada nazo. Akazi a kuchitsime anali atayamba kundifunsa muyezo wa soda.

M'mawa wina ndinagwada pa mafuwa monga mwa masiku onse, phale lili pamoto, ufa uli m'mbale. Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Nditacheuka ndinaona amayi anu ataima, opanda ndodo, osagwira khoma, chitenje atachimanga m'chiuno mwa ntchito.

"Bambo a Tereza, tulukani m'kuzinya mwanga."

"Nanga phala?"

"Ndaonera zokwanira. Mumataya makala ambiri."

Ndinawapatsa mthiko n'kutuluka. Ndinakhala pakhonde, munthu wopanda ntchito kachiwiri, ndikumva ufa ukuthiridwa pa phale wonse monga unalili, wosasefa. Kenaka ndinamva mapazi akuyendayenda m'katimo, kuchoka pa mafuwa kupita pa mtsuko, kuchoka pa mtsuko kubwerera pa mafuwa, limodzi likukhweka pang'ono. Anali awiri. Ndinakhala pamenepo ndikuwamvetsera, misozi ikutsika, mpaka anandiitana kuti ndikadye.